Jupita wakoyo waliritsa mayi ako

Limbani muphwa wanga,

Kodi ukudziwa kuti maphunziro akowo akuliritsa mayi ako? Landira moni. Ife tilipo, kungoti mayi akowo miyendo ikuwavutabe.

Pa maliro a bambo ako, wowerenga mbiri anati, "Mwana wawo ali kunja, amaombeza nyenyezi." Anthu anayang'anana. Ine ndinaimirira osapatsidwa mpata, n'kunena zimene unandiuza pafoni. Ndinati Jupita amene umaphunzirayo ndi dziko lalikulu la mumlengalenga lozingidwa ndi mphamvu ya maginito. Mphepo ya magetsi yochokera kudzuwa ikawomba m'malire mwake pamabuka mafunde, ngati mwera ukavundula nyanja, ndipo mpweya wa pamenepo umatentha. Iwe umangoyeza kutenthako pakompyuta.

Mkulu wina anati, "A Phiri, mphepo yosaoneka, moto wopanda nkhuni, nanga ufiti umakhala wotani?" Ndinamuyankha mosabisa mawu pamanda pomwepo, ndipo sindipepesa, koma palibe anandimvera.

Tsopano Mtakataka yense akuti unapereka bambo ako kuti ukhwime. Mayi ako akafika pamjigo, anzawo amanyamula ndowa n'kuchoka.

Mulungu akusunge. Koma usatiyankhe pafoni. Bwera pa sadaka, uime pamaso pawo, ufotokoze wekha mpaka dzina la mlongo wanga liyere.

Ndine malume ako.