Dzanja pa Chiundo

Lida,
Febuluwale

Wokondedwa mng'ono wanga Ulyana,

Choyamba ndimve za moyo wako. Uli bwanji ku Sipeniko? Nanga bondo lija? Usandinamize iwe, ndinakuona pa kanema ukulitsimphinira kwinaku ukumwetulira ngati palibe kanthu. Ife kuno tilipo. Alamu ako a Vitold ali bwino, ana nawonso akukula, kudya kokhakokha. Chisanu ndiye chatipha chaka chino.

Kalatayi ndapatsira mnzawo wa alamu ako, woyendetsa lole, kuti akaiponye akawoloka ku Poland. Pa foni sindingalankhule zonse. Ukudziwa kuti tikamaimbirana timakhala atatu, wachitatuyo ndi wosatsokomola n'komwe.

Ulya, atate sali bwino. Chifuwa chija chimene amati ndi fodya chabe, adokotala akuti ndi khansa, ndipo yafalikira kale. Awabweza kunyumba. Nditawafunsa adokotalawo kuti tiyembekezere chiyani, anangoyang'ana pawindo n'kunena kuti adokowe akamadzabwerera m'zisa zawo chisanu chikatha, mwina atate sadzawaona. Munthu uja amene ankanyamula matumba awiri a mbatatesi nthawi imodzi, lero ndimamutembenuza ndekha pabedi. Dzulo ndinawakazingira draniki, zitumbuwa zathu za mbatatesi zija, analawa kamodzi n'kunena kuti mchere wachepa. Mkamwa mokha ndimo simunadwale.

Lamlungu unandiuza pa foni kuti ukangomva kuti zavuta ugula tikiti. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Usabwere. Ndabwerezanso, chifukwa mutu wakowo ndimaudziwa, ndi mwala: usabwere.

Amuna aja a boma a majekete akuda anafikanso mwezi watha. Anakhala pampando wa malemu amayi osapatsidwa, n'kumafunsa mwaulemu wonyansa kuti kodi katswiri wathu wa tenisi abwera liti kudzazonda bambo ake. Mmodzi mpaka anati amakusilira kamenyedwe kako ka mpira wa kumanzere. Mawu aja unalankhula pamaso pa atolankhani chaka cha zionetsero, onena za atsikana omenyedwa m'ndende, iwo sanaiwale ngakhale limodzi. Ukangoponda pa chipata cha m'malire, kuno sufika. Chosamva adachiphikira m'masamba, mng'ono wanga, ndipo ine sindingathe kulira maliro kwinaku ndikunyamula chakudya kupita kundende.

Chithunzi chako anachichotsa kale pakhoma la kubwalo la tenisi. Pomwe panali iwe papachikidwa kalendala. Bwalo lomwelo limene atate ankalikolopa ndi kulifosholera chipale chofewa mbandakucha kuti kamtsikana kawo kamenye mpira kasanapite kusukulu! Ine ndinkatola mipira manja atauma gwa, iwe uli chilili kulira kuti laketi ikulemera. Utapambana ku Minsk tauni yonse inkati ndiwe mwana wathu. Lero mayi Yadviha a pakhomo loyandikana akandiona pamasitepe amayamba kufunafuna makiyi m'chikwama mpaka ndidutse.

Masewero ako omaliza aja tinaonera limodzi ndi atate. Pambali pa dzina lako panalibe mbendera, malo oyera mbee, ngati unachita kugwa kumwamba. Utapambana unapita paukonde n'kutambasula dzanja, mtsikana wa ku Ukraine amene unamugonjetsa uja n'kungodutsa osakuyang'ana, poti dziko lathu lili mbali ya amene akuthira nkhondo dziko lake. Anthu anakuwiza, sindikudziwa kuti ankakuwiza ndani. Ine magazi anawira. Ndinatukwana kanemayo, ndinati kodi ameneyu akudziwa zimene mwanayu wataya chifukwa chokana bodza? Kwawo mdani, kunja mdani, ndiye aponde pati?

Atate anandidula. Akuti, Rehina, tseka pakamwa, mwana uyo kwawo nyumba zikupsa, dzanja lake ndi lake. Kenaka anaseka kaphwete kaja, akuti ndiponso analeredwa bwino, amadziwa kuti anthu sapatsana moni pa chiundo cha khomo.

Ukukumbukira mmene ankavutira ndi mwambo umenewu? Mlendo akatambasula dzanja ali kunja iwo ali m'kati, ankabisa manja kumbuyo, amvekere, lowani kapena ndituluke, pa chiundo pamabala udani. Ngakhale wa positi ankamukokera m'nyumba kaye. Ndipo ankakuseka kuti anthu a tenisi n'chifukwa chake sagwirizana, ukonde uja ndi chiundo, inu n'kumagwirana chanza pamwamba pake tsiku ndi tsiku.

Kuseka kuja sikunathe bwino. Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine chibadwire sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a amayi.

Atatonthola anandikumbutsa za tsiku unachoka. Takisi inkaliza hutala panja, iwe unali utatuluka kale ndi zikwama, kenaka unatembenuka n'kuwatambasulira manja uli pakhonde. Iwo anabisa manja kumbuyo monga mwa masiku onse, akuti lowa kaye. Iwe unaseka, unati atate inunso ndi zamakolo zanuzo, ndichedwa ndege, tidzapatsana moni ndikabwera. Unatsika masitepe uku ukuthamanga. Tonse tinkayesa ndi ulendo wa milungu yochepa.

Akuti chiyambire tsiku limenelo, akamatsegula chitseko amaona manja ako ali m'malere. Akuti, ndinaopa tsoka, tsokalo n'kulowabe, ndiye ndinapindulanji ine chitsiru chokalamba? Phazi limodzi lokha, Rehina, ndikanangoponda kunja. Ndinayesa kuwatonthoza kuti palibe akanadziwa. Anandiyankha kuti ndisawapusitse ngati mwana.

Ndinawauza kuti ukufuna kubwera. Ulya, ukanaona! Munthu wosatha kukweza kapu anadzuka n'kukhala tsonga. Akuti ukamuuze kuti akayerekeza, ndikamukana pamaso pa anthu. Sindinazizidwe zaka zonse zija pabwalo kuti mwana wanga akasoke mayunifolomu kundende. Amenye mpira, ndipo mpira wachiwiri woyambira aziuponya m'mwamba mokwanira, akuufulumirira ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Ndalemba monga ananenera, usandikwiyire ine.

Ndikudziwa kuti ndikukupempha chinthu chowawa. Inenso ndikukufuna. Pali masiku ndimakukwiyira kuti iwe uli padzuwa ine ndikuchapa zofunda za odwala, kenaka ndimachita manyazi. Ndatopa, mng'ono wanga, ndipo ndikuopa tsiku limene ndidzakuimbire. Koma ndilole ndikwirire bambo ndekha kusiyana n'kutaya nonse awiri. Dothi lako ndidzakuponyera ine m'manda mwawo, ndidzatchula dzina lako mokweza, amve amene akufuna kumva.

Lero m'mawa atate anandiitanitsa pepala ili ndisanamalize. Anaika dzanja lawo kuseri kwake n'kundiuza kuti ndilizungulize ndi cholembera. Mzere wapindika pa chala chachikulu. Akuti malire a dziko ndi chiundo, kumene akupitako nakonso ndi chiundo, ndipo ulendo uno sabisanso manja. Akuti mwambowo auphwanya okha, tsoka likafuna libwere, lidzawapeza atapita.

Mulungu akusunge, akulimbitsire bondo ndi mtima womwe. Undiperekere moni kwa aphunzitsi ako ndi kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. Alamu ako ndi ana akuti moni wambiri. Uzivala zofunda pakhosi, ngakhale ukuti kumeneko kulibe chisanu.

Tsopano tembenuza pepalali. Uike dzanja lako pamenepo, ndipo usafulumire kulichotsa.

Ndine mkulu wako,
Rehina