Kupuma kwa Asisi

Lolemba, 3 Malichi

Waimba foni mwini filimu. Uja asisi ankamutcha Tibwereze, poti chilichonse kwa iye n'chobwereza, ngakhale moni. Nkhani yake: gawo lomaliza la filimu imene asisi anajambula asanamwalire, la pawindo, mawu ake anaonongeka. Zithunzi zili bwinobwino, milomo ikuyenda, koma chomveka ndi jenereta basi. Zikatere amaitana mwini mawuwo kudzalankhulanso mu situdiyo. Mwiniwake tinamuika mu Disembala.

Ndiye akufuna ine. Akuti mawu athu ndi amodzi. Ndikalephera, gawolo alidula, filimu ithera pena.

Zaka zonsezi ndili m'masewero a pawailesi, nkhope yanga palibe anaifunapo. Lero mawu anga afunika, koma kuti avale nkhope ya wina. Ndaseka ndekha. Kenako ndavomera.

Amayi sindinawauze.

Lachitatu, 5 Malichi

Kachipinda kopanda windo, makoma omata masiponji ngati matiresi. Wojambula mawu, bambo wamtali wolankhula monong'ona, onse amangomuti Makutu. Wandivulitsa zibangili, ndolo, ndi nsapato zomwe. Kenako funso: "Mwadya? Maikolofoni iyi imamva m'mimba."

Kachitidwe kake n'kodabwitsa. M'mahedifoni kabelu kamalira katatu. Pachinayi, pomwe sikalira, m'pamene umayamba. Kuyambira pa phokoso loti kulibe!

Kabelu kalira. Asisi awa pa sikirini, nkhope yaikulu ngati chitseko. Chipsera chapachibwano chija, cha tsiku lomwe tinagwa panjinga atandikweza, paudala walephera kuchibisa. Ndaiwala kuyamba.

Gawolo ndi la mayi wotsanzikana ndi mwana amene akuchoka pakhomo. Mawu ochepa. Omaliza: "Pita mwanawe, chitseko ndisiya chosakhoma."

Ku wailesi pakamwa ndi panga, ndikafuna ndimakoka mawu mpaka mawa. Kuno bwana ndi milomo ya asisi. Ikatsekeka ine ndisanatseke, bodza lonse poyera.

Lachinayi, 6 Malichi

Makutu wandiikira kagawoko m'foni. Tsiku lonse pagalasi, chitseko chotseka.

Amene amati mawu athu ndi amodzi sanamvetsere. A asisi amachokera pansi, m'chifuwa. Anga amadzera m'mphuno ngati a munthu wodandaula za mtengo wa sopo. Iwo amameza mathero a mawu, ine ndimawatafuna onse. Milomo yawo yam'munsi imatsogola. Ndakhala nawo chipinda chimodzi kuyambira ndili wakhanda, izi ndaziona lero. Kodi munthu timamuyang'ana liti kwenikweni?

Madzulo zinayamba kutheka. Ndinatsitsa chibwano, mawu a asisi n'kutuluka okhaokha. Potsegula chitseko, amayi ali chiimire m'khonde, kansalu kopukutira mbale m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu. "Ndimayesa wailesi," anatero, n'kubwerera kukhitchini.

Mbale anazitsuka kawiri.

Loweruka, 8 Malichi

Zakanika. Mawu akufanana, Makutu wavomera. Koma nthawi zonse ine ndikumaliza, milomo ya asisi ikadayenda. Ndikachedwetsa, ndikumveka ngati woledzera. Tibwereze wabwereza mpaka dzina lake lamutopetsa. Akuti Lachiwiri ndiye lomaliza, chipindacho ena akuchidikira. Zikakanikanso, lumo.

Gawo limeneli ndi limene asisi ankalinyadira. Kuchipatala, mapaipi ali m'mphuno, ankandikoka dzanja: "Ukaone pawindo paja, mphwanga. Pamenepo ndiye ndinasewera."

Ndikuvala nsapato, Makutu wanong'ona: "Mukuthamangitsa milomo. Tayang'anani mapewa."

Mapewa alankhula chiyani?

Lolemba, 10 Malichi

Ndaphimba nkhope yawo ndi chala, n'kuyang'ana mapewa okha.

Akupuma pakati pa mawu. "Pita," mapewa m'mwamba. "Mwanawe," m'mwambanso. Kachiganizo koti mwana wasukulu anganene ndi mpweya umodzi, iwo akukaduladula. Asisi amenewa? Amene pasiteji ankalankhula tsamba lathunthu oonera n'kubanika m'malo mwawo? Amene ankandimenya ndi sikiriputi pamutu ndikapuma pakati pa chiganizo?

Ndayesa kupuma monga iwo. Pang'onopang'ono, pamwamba penipeni pa chifuwa, ngati pansi pake padzaza. Posakhalitsa chizungulire. Ndagwira tebulo. Poyang'ana pa foni, nawonso dzanja lili pa felemu ya windo, zala zoumirira. Si sewero limenelo. Ankadzigwiriza kuti asagwe.

Anajambula mu Ogasiti. Ife anatiuza za chifuwa mu Novembala.

Ndakwiya. Ndawatukwana mumtima, ndalira, ndawatukwananso. Tinkadya nawo pamodzi miyezi yonseyo, iwo n'kumati masitepe a kuntchito ndi amene akuwatopetsa.

Koma mkwiyo utaphwa ndaoneranso, ndipo chandigwira ndi china. Sakupuma paliponse ayi. Mpweya wochepawo akuuika pamalo pake. Pambuyo pa "pita", kuti ukhulupirire kuti mayiyo akufuna kubweza mawu. Patsogolo pa "chosakhoma", kuti udikire. Matenda anawalanda mpweya, iwo n'kuwalemba ntchito matendawo. Ndiye tizitcha chiyani, luso kapena kudwala? Ine zaka zonsezi ndimayesa kusewera ndi kubisa zako kuti za wina zioneke.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndawauza onse awiri, Tibwereze ndi Makutu, za kupuma kwa asisi. Tibwereze anati tsiku lojambula anthu anaomba m'manja, amvekere mayi uja wapeza kaliridwe katsopano. Manyazi anamugwira. Akuti kupumako akhoza kukuphimba ndi nyimbo, ine ndingonena mawu okha, mowalemekeza.

Ndakana. Kuwalemekeza kotani kofufuta chimene anachigwirira ntchito?

Vuto, mapapo anga ndi abwino. Kubanika kongoyerekeza maikolofoni ikukukana, kukumveka ngati galu wa m'katuni. Makutu anatsegula chitseko n'kundilozera masitepe. Kukwera, kutsika, kukwera, wopanda nsapato, mayi wamkulu ndithu, a m'maofesi ena akusuzumira. Ndinalowa mtima ukugunda m'makutu. Kabelu katatu. Pachinayi ndinapuma ndi asisi.

Zinalowana ngati chivindikiro ndi poto wake. Ndinadikira liwu lija loti tibwereze. Tibwereze sanalinene. Anangovula magalasi.

Wandifunsa ngati dzina langa lilembedwe kumapeto. Ndati ayi, anthu amve asisi. M'basi pobwerera zandiwawa pang'ono, ndisaname. Ntchito yabwino koposa zonse zimene ndagwirapo, ndipo ubwino wake ndi woti asandizindikire munthu.

Lamlungu, 27 Epulo

Kuonetsa filimu kwa achibale ndi ogwira ntchito. Amayi pakati, ine kumanzere, alamu kumanja. Ndinali ndisanawauzebe.

Pawindo paja holo yonse zii. Inenso ndinaiwala, ndinamva asisi. Alamu, munthu anagona nawo chipinda chimodzi zaka zonsezo, analira ngati mwana, akuti mawu a mkazi wawo adzawamva mpaka kumanda. Palibe anadziwa. Ndinakondwa, ndithu ndinakondwa.

Amayi sanalire. Pa "pita" paja anatembenuka, kusiya sikirini, n'kumayang'ana ine mumdimamo mpaka magetsi anayaka.

Lolemba, 28 Epulo, m'mawa

Dzulo titangolowa m'nyumba anandikhazika pampando. Khutu lawo pamsana panga. "Puma." Ndinapuma. "Pumanso."

Ndinafotokoza zonse. Jenereta, Makutu, mapewa, masitepe. Ndinaseka, ndinati amayi, imeneyo ndiye ntchito yathu, kunamiza anthu. Sanaseke.

"Mawu ndinawadziwa tsiku la m'khonde lija, ndinakubala ndine. Koma kupuma kuja ndinakumvapo m'nyumba muno, ndipo mwini wake anandiuzanso kuti ndi masitepe."

Holo yonse inamva mayi wa m'filimu, alamu anamva mkazi wawo. Amayi okha ndi amene anamva ine, ndipo sanagone.

Ndilibe chilichonse, ndikudziwa. Komabe ndikupita, akandiunike chifuwa, aone okha chithunzicho. Ndimati ndilembe kaye za mapewa zija ndisanaiwale, kuti mwina wosewera

Amayi akugogoda. Avala kale nsapato.