Msewu pa manda a Amina

Lachinayi, ku Nkaya. Tsiku lonyansa.

Kwabwera anyamata a m'tauni ndi mapu a pakompyuta, akuti amangenso msika ndi misewu yomwe madzi osefukira anakokolola. Mapuwo ndi chithunzi chojambulidwa ndi makina kuchokera kumwamba: denga lililonse likuoneka, ngakhale khola la mbuzi. Koma chithunzicho anajambula madzi asanabwere, ndiye pachitunda pomwe tinaika mkazi wanga Amina, manda akale atamira, pakuoneka tchire lokhalokha. Msewu aulemba kudutsa pomwepo.

Ndati, "Achimwene, pamenepo pagona anthu."

Wina wakuza chithunzicho ndi zala ziwiri. "Iyayi bambo, taonani nokha, palibe kanthu."

Kukwera chitundacho akana, ati kuli matope. Ophunzira athu ndi amenewo. Mawa ndikakhala pamandapo, mwina makina awo akaona ine.