Alimi Anga Opeka

Lolemba, 20 Okutobala

Zala zawawa. Fomu ya pa webusaiti ya kopaletivi yathu, yomwe alimi amalembetsera mbewu ya mtedza, ndaidzaza ka 34 lero. Ndikangosintha kanthu kamodzi, ndiyambirenso kudina paliponse kuona ngati sindinaononge china. Dzina, mudzi, nambala ya foni, tumiza. Kuyambiranso.

Joe amene anaimanga webusaitiyi anapeza ntchito ku Lilongwe, foni sayankha. Ndatsala ndekha ine Rahima, katswiri wa pa Kamwendo ponse chifukwa choti wina palibe.

Akuti kuli pulogalamu dzina lake Playwright. Umailembera zochita, iyo n'kumatsegula webusaiti yokha, kudzaza fomu, n'kukuuza ngati zayenda. Ndikufuna ndizione ndi maso angawa. Chikundiopsa ndi bandulo ya intaneti.

Lachitatu, 22 Okutobala

Bandulo ya sabata yonse yathera polowetsa pulogalamu ija mu kompyuta. Magetsi anazima itatsala pang'ono kumaliza kulowa. Ndinatukwana chamumtima.

Masana zatheka. Ndinakhala kuseri kwa kauntala m'golosale ya ababa, manja pamiyendo. Tsamba linatseguka lokha. Zilembo n'kumalowa zokha m'timabokosi: Timoteyo Banda, kwa Zulu. Batani kudinika popanda chala. Kenako kachizindikiro kobiriwira, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Masekondi anayi basi. Ndabwereza kasanu kungofuna kuonerera.

Ababa anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo. "Akulemba pamenepo ndani? Usandibweretsere majini m'sitolo muno." Atagulitsa sopo anabweranso, ati ndichiyendetse pang'onopang'ono aone bwino.

Loweruka, 25 Okutobala

Mayeso 18, onse obiriwira. Ndikuyesera pa webusaiti yongokopera, yeniyeniyo sindikuikhudza. Alimi ndikuchita kupeka, ndipo zikundikomera kuposa ntchito yeniyeni. Wina woiwala kulemba mudzi. Wina wa nambala ya ku Zambia. Ndili ndi Goliati wanga wosapirira, amene netiweki ikachedwa amadina batani katatu.

Chandidabwitsa: makinawa ndi opupuluma. Amafuna kudina batani tsamba lisanamalize kutseguka, ndachita kuwaphunzitsa kudikira. Kutopa satopa, koma kufunsa safunsanso. Chomwe wawauza n'chomwecho.

Ndayesanso chimene ndinakonza mwezi watha. A Benedicto, amanijala athu, ankadandaula kuti ena amalembetsa kawiri kuti alandire matumba awiri. Ndiye ndinakonza kuti nambala imodzi ikhale ya mlimi mmodzi. Nambala ikabweranso, dzina latsopano lilowe m'malo mwa lakale. Mayeso ake obiriwira.

Kalembera anatseka Lachinayi. Mndandanda wapita kale kwa ogulitsa mbewu, maina 1,140. A Benedicto ati, "Chaka chatha analipo ambiri kuposa apa. Akamberembere tawagwira." Ndinayenda mapewa ali m'mwamba.

Lachiwiri, 28 Okutobala

M'sitolo munabwera mayi wina wa ku Kapondo kudzatchajitsa foni. Mayi Esitele. Kafoni kamabatani, komangidwa ndi mphira. Anandipempha ndiwafufutireko mauthenga, ati yadzadza ndipo maso sakuwathandiza.

Ndimati ndiyambe, n'kuona uthenga umene webusaiti yathu imatumiza munthu akalembetsa: "Mwalembedwa, mudzalandira mbewu." Pansi pake womwewo. Pansinso womwewo. Kasanu n'kawiri, maina osiyanasiyana. Ndinafunsa mwachidwi chabe.

"M'kalabu mwathu foni ndi yomweyi, mwanawe. Alangizi atabwera ndinayamba ndine kulembetsa, kenako anzanga onse anapereka nambala yangayi. Tonse tinalembedwa, sukuona?"

Sindinafufute kalikonse. Ndinawauza kuti asungebe.

Lachitatu, 29 Okutobala

M'mawa ndalemba mayeso a 19. Amayi asanu ndi awiri, nambala imodzi, kenako makina awerenge amene alembedwa. Ndinaonerera akulowa mmodzimmodzi, aliyense tsamba likumuuza kuti walembedwa. Pomaliza chizindikiro chofiira. Watsala mmodzi, womaliza uja.

Ndatsegula mndandanda weniweni. Mayi Esitele mulibe. M'kalabu mwawo mwatsala Stelia Phiri yekha. Ndayerekeza ndi mauthenga onse amene tinatumiza: anthu 263 anasowa choncho, ambiri amayi.

Makina sananame. Ndinawafunsa ngati akuchita zimene ndinawauza, anati inde. Alimi anga opeka onse ali ndi foni yakeyake ngati ine. Koma ndakulira m'sitolo muno, kuona anthu akubwerekana foni tsiku ndi tsiku. Ndinaganizira za munthu wa ku Zambia, wa ku Kapondo ayi. Manyazi andigwira osati pang'ono.

Ndawauza a Benedicto. Anavula magalasi, kenako anaimbira ogulitsa mbewu. Akuti yotsala yonse inagulidwa kale, yoonjezera kulibe chaka chino.

Kukonza kwanditengera mphindi makumi awiri. Mayeso onse 19 obiriwira. Sindinafune n'kuwayang'ana komwe.

Lachinayi, 13 Novembala

Sindinalembe masiku onsewa. Mvula yawaza kawiri, anthu amaliza kugalauza.

Lero kugawa mbewu ku Kapondo. A Benedicto anati nditsale mu ofesi, iwo akauza anthu kuti makina analakwitsa. Ndinakwera kabaza n'kuwatsatira. Maina ndinawerenga ndine, pabwalo la sukulu. Nditamaliza, anthu anayamba kukweza mafoni m'mwamba kuonetsa uthenga. Ndinanena kuti olakwa si makina, ndine. Ndinafotokoza mmene dzina limafufutira linzake. Ena anakalipa, ndipo n'koyenera.

Stelia anatsegula thumba lake pomwepo n'kuyamba kuwayezera anzake pa mbale. Aliyense timbale tiwiri, pa munda umene anaukonzera thumba lathunthu.

Mayi Esitele sanakalipe. Anandiyandikira foni ili m'manja, uthenga wa dzina lawo uli potsegula. "Tandimasulire bwino, mwanawe. Ndikanawamana anzangawa foni, thumba likanakhala langa?"

Ndinafunafuna yankho lina, kulibe. Ndinati inde.

Anagwedeza mutu. Nthawi yomweyo kunabwera mnzawo wa m'kalabu, ati ambwereke foni awauze amuna ake asavutike kubwera ndi njinga, katundu palibe. Mayi Esitele anaiyang'ana foniyo kanthawi. Kenako anaikulunga pansonga ya chitenje n'kumanga mfundo, ati batire latha.

Ine ndinali nditangoiona. Batire linali lodzadza.