Uvuni Wanga ndi Waya wa Amuna Anga

Aphungu,

Mutu wandiima. Loweruka likubwerali mng'ono wanga akukwatiwa, ndipo ndinalonjeza pamaso pa abale onse kuti keke ndiphika ndine. Ndinagula uvuni wamagetsi waukulu, wa mbale zinayi pamwamba. Nditati tiitane mmisiri adzaulumikize, amuna anga anakwinya nkhope. "Mmisiri wa chiyani ine ndilipo? Pamene ankaika magetsi m'nyumba muno, makwerero ankagwira ndani?" Zoonadi, Aphungu, anagwira makwerero masiku atatu.

Anatenga waya wotsala wa mababu, wowonda ngati chingwe cha nsapato, n'kulumikiza akuimba likhweru. Ndikangoyatsa uvuni, kaswitchi ka m'bokosi la magetsi, kaja amati buleka, kankagwa. Iwo anati kameneko n'kamantha, ndiye anakachotsa n'kuikapo buleka ina yaikulu, akuti yolimba mtima. Imeneyi sikugwadi, koma khoma likumafunda ndipo m'khitchini mukununkha pulasitiki. Nditadandaula anati, "Ndi fungo la katundu watsopano limenelo, mayi, muzolowera."

Ndimawakonda bambowa, koma ndili ndi mantha. Waya woyenera ndi uti? Nanga ndiwauze bwanji osawachotsa ulemu, poti aitana kale alamu awo kuti adzaone ntchito ya manja awo?

Mayi T.K., kuseri kwa msika

Mayi T.K.,

Musanamalize kuwerenga, pitani mukazimitse uvuniwo pabokosi, ndipo usayakenso. Fungolo ndi pulasitiki wokuta waya amene akusungunuka m'khoma. Buleka yoyamba ija sinali yamantha. Inali mlonda, inkagwa kuti waya asapse. Bambo achotsa ntchito mlonda chifukwa chokuwa kuti kwabwera akuba.

Waya sasankhidwa ndi maso, safunsa anadya phula. Kuseri kwa uvuni kuli kachitsulo kolembedwa mawati ake, kutanthauza mphamvu ya magetsi imene uvuniwo umadya. Gawani nambalayo ndi mavoti a magetsi a m'nyumba mwanu, omwe kuno amakhala 230, mupeza maampu, muyeso wa magetsi odutsa m'waya. Mwachitsanzo, mawati 7,000 pa mavoti 230 ndi maampu pafupifupi 30, ndipo kawirikawiri amafuna waya wa mamilimita 6. Wa mababu uja ndi wa 1.5 basi. Uvuni ukhale ndi waya wakewake kuchokera kubokosi, ndipo buleka igwirizane ndi wayayo, osati ndi mtima wa bambo. Ngati khitchini ili kutali ndi bokosi, pangafunike waya wonenepa kuposa pamenepo. Zimenezo ayeze mmisiri wokhala ndi chiphaso, ndipo aonenso m'khoma muja mwatenthamo.

Tsono za bambo. Musawauze kuti alephera, makamaka alamu awo ali pomwepo. Auzeni mofatsa kuti mmisiri akubwera mawa, koma wanenetsa kuti ntchito yaikulu chonchi sangaigwire popanda munthu wodziwa kugwira makwerero. Luso limenelo ali nalo, ndipo mboni ndinu.

Akakanabe, keke mukaphikire kwa anansi, uvuni wanu ukhale chizimire. Mwamuna akakwiya Lachinayi, pofika Lamlungu amakhala atadya keke n'kuiwala. Koma denga likapsa, abale onse munawalonjeza keke aja adzakhala kalikiliki kukusakirani pogona, inu ndi wogwira makwerero wanu.

Aphungu