Kachoko ndi Kamuvi Kobwerera M'mbuyo

Achemwali anga okondedwa,

Musanawerenge kalatayi yambani mwasamba m'manja, mukhale pampando wabwino, nkhuku zichoke pakhomo, chifukwa amene akukulemberani si munthu wamba. Ndine Nduna Yaikulu ya Mabatani ndi Mazipi, mwini makina a pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo kuyambira Loweruka la sabata yatha ndinenso katswiri wa makompyuta. Sitandade faifi yanga ija munkaiseka yabereka zipatso paukalamba.

Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kufika kumunda, kapena mwayamba kulamulira makasu muli khale pakhonde monga munkafunira kuyambira kale? Nanga alamu, chifuwa chija chawasiya? Kuno tilipo. Tikudzuka, tikudya, tikugona. Mutandifunsa ngati chakudya chikukoma sindingakuyankheni, koma chikulowa.

Yakwana miyezi inayi tsopano chiikireni mwana wanga wamkazi m'manda. Pobwerera munandiuza kuti ndizilemba, ndiye ndi izi ndalemba. Anthu amati ndikupirira bwino poti ndikusekabe nawo. Ine ndimaona ngati ndi makina osokerawa. Ukachotsapo phazi, gudumu limazungulirabe lokha kwa kanthawi. Nthabwala zikutuluka ndithu, koma woponda palibe.

Za kuno n'zochepa. Mwini sitolo wapaka khonde penti yachikasu, tsopano makasitomala onse akuoneka odwala. Denga likudontha pomwe pamakhala ayironi. Maso anga ayamba kukangana ndi bowo la singano, ndipo nthawi zambiri singano ndi imene ikupambana.

Nkhani yeniyeni ndi ya mdzukulu wathu. Mkamwini anabwerera ku ntchito yake ya lole, amabwera kamodzi pamwezi, ndiye mwanayu ali ndi ine. Akaweruka kusukulu amafikira pakhonde n'kulowa pansi pa tebulo lodulirapo nsalu. Salira. Za amayi ake safunsa. Amangojambula. Choko changa cholembera muyeso pansalu chinayamba kutha ngati kwabwera mbewa yodya choko, mpaka ndinam'patsa dzina loti Kachoko, ndipo msewu wonse walilandira.

Tsiku lina ndinatambasula nsalu ya suti ya abwana ena, yakuda bii, eni ake ataima pomwepo kudikira muyeso. Kuseri kwake kunali mudzi wathunthu: nyumba, galu wa miyendo isanu, ndi mayi wamtali atanyamula chikwama. Ndinawauza abwanawo kuti ndi sitayilo yatsopano, suti yobwera ndi galu wake wolondera m'matumba. Sanaseke. Ndinatenga kansalu konyowa n'kuyamba kupukuta, mwana akuyang'ana. Mayi uja ndinam'pukuta pomalizira, ndipo m'pamene ndinaona kuti analibe nkhope. Mutu unalipo, tsitsi linalipo, koma m'katimo munali mbee.

Sabata yomweyo aphunzitsi ake anandiitanitsa. Ndinavala jekete poganiza kuti ndi mlandu. Iwo akuti ayi, mwanayu ali ndi dzanja, pa ana a zaka zisanu ndi ziwiri sanaonepo wotere. Vuto n'loti akalakwitsa amafufuta mpaka pepala kubooka, kenako n'kung'amba tsamba lonse. Anandionetsa kope la masamu lomwe latsala ndi masamba anayi. Akuti tim'pezere chojambulira cha kompyuta, choti angathe kufufuta kambirimbiri popanda chobooka. Mkamwini atamva pafoni anavomera msanga, akuti bambo kasankheni inuyo, zinazo n'zanga. Mwaona nzeru za ana amasiku ano? Kutuma munthu amene foni yake ndi yomanga ndi mphira kuti akasankhe kompyuta.

Loweruka tinapita kogulitsa makompyuta, ine ndi Kachoko. Sitolo yake ndi yozizira ngati chipatala, ndipo tinalandiridwa ndi mayi wina wa zikhadabo zazitali zopaka zobiriwira. Ndinamuuza kuti ndikufuna makina ojambulira amene sadya choko. Iye akuti agogo musadandaule, za muno zimadya magetsi basi.

Choyamba anatulutsa kabolodi kakuda kolumikiza ku kompyuta. Umalemba pansi apa, chithunzi n'kumatulukira kutsogolo uko pagalasi. Ndinamufunsa ngati iyeyo angalole kuti ndizisokera pakhonde langa thalauza n'kumatulukira kwa aneba. Kachoko anayesa, koma maso ake ankangothamangira kudzanja, mzere n'kumapita kwina. Mayiyo anavomera yekha kuti zimenezo n'za akuluakulu, komanso kompyuta yolumikizako ife tilibe.

Kenako anabweretsa tabuleti. Achemwali, ndi sileti yathu ya kale ija, kungoti yagalasi. Pomwe walemba m'pomwe pakuoneka. Ndinamuuza kuti ife zimenezi tinali nazo iye asanabadwe, ndipo tinkafufuta ndi malovu. Akuti yesani agogo, mukalavulira ndiye kuti mwagula.

Chala chimalemba ndithu pagalasipo, koma chimaphimba mzere, mwana saona pomwe akupita. Zolembera zinalipo ziwiri. China chili ndi nsonga ya mphira yonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. China n'chowonda, chofuna kutchaja ngati foni, ndipo ukasindikiza mzere umanenepa, ukapepuza dzanja umawonda. Kachoko anagwira chowondacho osachibwezanso. Mayiyo atamuona momwe amasindikizira anati tiikepo galasi lina loteteza pamwamba, ndi chikuto cha mphira chokhuthala m'makona, poti ana amagwetsa. Ndinavomera zonse. Ndinkangogwedeza mutu ngati ndili kutchalitchi cha eni.

Ndimayesa tamaliza, koma akuti tabuleti payokha ndi mbale yopanda kanthu, pafunika pulogalamu yojambulira. Yoyamba inali ya zithunzi zojambula kale, magalimoto ndi mbalame. Mwana amangokhudza, mtundu n'kudzaza wokha, makinawo n'kumuombera m'manja. Ngakhale upake ng'ombe yobiriwira, amaomba. Ndinati imeneyo andisungire ineyo, chifukwa chimwalirireni alamu anu palibe amene wandiomberapo m'manja. Komanso pakapita kanthawi pamatulukira munthu wotsatsa malonda pakati pa chithunzi. Kachoko anadzaza mbalame ziwiri n'kukankhira tabuletiyo kumbali.

Yachiwiri inali ndi mabatani ambiri kuposa amene ndasokerera moyo wanga wonse. Akuti ndi ya anthu ojambula mapulani a nyumba zosanja. Tinaidutsa.

Yachitatu ndi imene mayiyo ankainyadira. Akuti iyi sufunika n'kujambula komwe, umangoiuza ndi pakamwa, yokha n'kujambula. Anamuuza mwana kuti anene chilichonse chimene akufuna. Kachoko anawerama, kukamwa kutatsala pang'ono kukhudza galasi, n'kuiuza motsitsa mawu kuti ijambule amayi ake.

Makinawo anaganiza pang'ono, n'kutulutsa mayi wina wokongola, wa ndolo zazikulu, mano oyera ngati a pachikwangwani cha mankhwala otsukira mkamwa, nkhope yosalala ngati sanapunthwepo chibadwire. Kachoko anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena kuti amenewa ndi amayi a mwana wina.

Ndinafufuza nthabwala m'matumba onse, sindinaipeze. Musaganize kuti ndinalira. Sindinamve chilichonse. Ndinangoona kuti batani lachitatu la bulauzi ya mayi wogulitsayo analisokerera ndi ulusi wosiyana ndi enawo, ndipo ndinakhala ndikuliyang'ana batanilo.

Mayiyo si wopusa. Anatseka pulogalamuyo n'kutsegula ina yomwe anati ambiri amainyoza. Tsamba loyera, zolembera ndi mitundu m'mbali, chofufutira, ndi kamuvi kopindika pakona. Siifuna intaneti, siomba m'manja, wamalonda salowamo. Ukakhudza kamuviko, chimene wangolemba chimachoka, tsamba n'kubwerera momwe linalili. Kachoko analemba mzere, n'kukhudza kamuvi. Analembanso, n'kukhudzanso. Anapendeketsa tabuleti kuti aone ngati patsala chizindikiro. Panalibe. Anachita zimenezi mwina kamakumi awiri, ife awiri titangoima. Tinatenga imeneyo.

Mayiyo anandiphunzitsa kutseka zina zonse kuti mwana asasochere m'menemo, ndi kasungidwe ka chithunzi akamaliza. Ndinalemba m'buku langa la miyeso, pakati pa chiuno cha wapolisi wina ndi mapewa a mkwati. Kunyumba ndinasoka kathumba ka jinzi kokhala ndi chingwe, ndi kamthumba kena ka cholembera. Pamenepo pokha ndiye ndinali katswiri weniweni.

Tsopano choko changa chikupuma, nsalu za anthu zili pamtendere. Wandijambula ine, makutu ngati zitseko za basi, ndipo msewu wonse wavomereza kuti ndi ineyo. Wajambula mwini sitolo akukalipa. Koma tsiku lililonse amabwerera kwa mayi wamtali wa chikwama uja. Thupi amalimaliza msanga. Diresi ndi lija ndinasokera mwana wanga chaka chatha, mpaka kolala yake yokhota imene ankandinena nayo. Akafika pankhope m'pamene ntchito imayambira. Maso, kamuvi. Mphuno, kamuvi. Pakamwa, kamuvi. Kale pepala linkabooka, iye n'kuleka, n'kupita kukasewera. Pano palibe chobooka, ndiye salekanso. Ndikamaponda makina ndimamva kacholembera kakugogoda galasi pansi pa tebulo mpaka batire kutha. Sindikudziwa ngati ndinasankha bwino, achemwali. Aphunzitsi akuti ndim'siye.

Lachitatu anatulutsa mutu pansi pa tebulo n'kundifunsa funso loyamba la amayi ake m'miyezi inayi yonseyi. Akuti agogo, chipsera cha pansidze chija chinali mbali iti.

Mukuchikumbukira. Malemuyo anali ndi zaka zinayi, akuthamanga pakhonde, n'kudzigunditsa pakona ya makina omwewa. Ndinam'nyamula kuthamangira naye kuchipatala, malaya anga onse magazi. Anam'soka katatu, ine n'kuwauza adokotala kuti msoko wawo ndi wokhota, akanakhala wophunzira wanga ndikanawabweza. Ndiye funso limeneli silinandivute. Ndinayankha pomwepo kuti kumanzere, phazi lisanachoke n'komwe pamakina. Tate saiwala zotere.

Anabwerera pansi pa tebulo. Patapita kanthawi kugogoda kuja kunasiya. Anatuluka n'kundionetsa. Nkhope inalipo yonse, maso, mphuno, pakamwa, ndi kamzere kakang'ono pansidze ya kumanzere. Si kuti yafanana kwenikweni, makutu wam'patsa anga. Koma kamuvi sanakakhudze. Anandiuza kuti nditsegule buku la miyeso tisunge chithunzicho, ndipo tinasunga.

Pempho langa ndi limodzi. M'chipinda chanu chochezera, pamwamba pa kabati ya mbale, pali chithunzi cha malemuyu cha tsiku lomwe anamaliza sukulu, chija cha m'felemu yosweka pakona. Ndibwerekeni. Kuno zithunzi zilipo zambiri mufoni ya mkamwini, koma chipsera mulibe ngakhale m'chimodzi. Malemuyu ankadzijambula ndi zosalalitsa nkhope za m'mafonizi, chipsera n'kumachoka. Cha pamaliro chija nachonso wojambula anachikonza, ankayesa akutichitira zabwino. Foni yake inasowa masiku a maliro omwewo. Chanucho chokha ndi chimene chinajambulidwa makina asanaphunzire bodza.

Musachijambule ndi foni, zimatuluka zachimbuuzi, komanso mafoni sindikuwakhulupiriranso. Chikulungeni m'nsalu, mupatsire munthu wodalirika wobwera kuno. Ndikudziwa kuti pamalopo padzakhala poyera ndipo mudzapayang'ana tsiku lililonse. Ndidzabweza, ndi felemu yatsopano pamwamba. Mawu a Nduna sagwa pansi, kupatula pa tsiku lomalizira kusoka zovala za anthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti thalauza lawo lija ndikulikumbukira, chaka chino kapena chamawa litha. Moni kwa achimwene aakulu ndi akazi awo, kwa ana anu onse ndi apongozi anu, ndi kwa adzukulu, makamaka wamng'ono uja anandikodzera pajekete. Kachoko akuti moni kwa agogo aakazi, ndipo akufunsa ngati muli ndi makutu aakulu kuti akujambuleni. Ndamuuza kuti aakulu ndi pakamwa.

Khalani bwino, ndipo bondolo muzilipumitsa.

Ndine mlongo wanu,
Nduna ya Mabatani

Ndatsegulanso envulopu. Mumandidziwa kuti kalata yanga siitha popanda bodza limodzi, ndiye musavutike kulifufuza. Galu wa miyendo isanu ndi woona. Za malovu n'zoona, mayi wa zikhadabo angachitire umboni. Chimene ndapeka ndi chija ndati funso silinandivute. Achemwali, mbali yake sindikuidziwa. Ndinangotchula kumanzere chifukwa mwana anali akundiyang'ana. Ndikatseka maso ndimaona malaya anga a magazi, ndimaona ulusi wakuda wa adokotala, ndimaona kona ya makina, koma nkhope yake siima kuti ndiione. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuiyang'ana. Chiuno cha wapolisi ndinalemba m'buku, izi sindinalembe.

Mukayang'ana chithunzicho musandiimbire kundiuza. Ingotumizani, tidzaonere limodzi ndi mwanayu. Ngati ndinalakwitsa ndidzamuuza ndekha, kamuvi kalipo. Koma fulumirani, chifukwa wayamba kuonetsa anzake kuti amayi ake ndi awa.