Kathabwa ka pa Kilachi

Lolemba, 3 Malichi

Kalata ya ku kampani ya mabasi yafika. Andilemba ntchito! Umakaniko, mu galaja yeniyeni ya denga losadontha, ulendo wa maola asanu kuchokera pano. Akufuna yankho pofika Lachisanu, pa 14.

Ndawauza Bambo. Anali pampando wawo wa matayala pakhomo la galaja yathu, dzanja lawo lamanja lofa lija lili pamwendo. Sanandiyang'ane ine, amayang'ana Dona, galimoto yawo yakale ija ya mipando iwiri yopanda denga. Akuti: "Tinapangana, Kafupi. Dona akabwerera mmene anatulukira ku fakitale, upite."

Zoona tinapangana, atangodwala sitiroko. Ine ndimati ndi ntchito ya miyezi itatu. Uno ndi mwezi wa 14.

Lachiwiri, 4 Malichi

Chondipweteka n'chakuti anamuwononga Dona ndi iwo omwe. Ali mnyamata anamupaka penti yofiira, namuveka matayala onenepa, kachiwongolero kakang'ono ngati mbale, ndi ekizozi yodzutsa agalu mzere wonse. Lero akalamba akufuna zonse zichoke. Ndinapala penti yofiira, pansi pake ya buluu, pansi pakenso ndiye yobiriwira ya kufakitale. Zala zanga zinatha ndi sandipepa, mpaka foni sindikutsegulanso ndi chala.

Mawu awo ndi amodzi: "Si orijino." Lero ndi mabawuti a bampala. Akuti mitu yake ikuwala kwambiri.

Lachinayi, 6 Malichi

Mabawuti ndasintha. Tsopano akuti ulusi wa pamipando. Ulusi!

Loweruka, 8 Malichi

Achimwene aimba kuchokera kwawo kutali uko, mawu osalala ngati a pawailesi. "Mlongo, pirira pang'ono, mdala akusangalala." Ndawafunsa kuti anagwirako liti sipanala, kapena beseni losambitsira mdalayo. Akuti netiweki.

Azakhali anavomera kalekale kudzakhala ndi Bambo ine ndikachoka, chikwama anamanga kale. Ndiye palibe chondimanga. Koma ndikadzuka miyendo imapita yokha ku galaja, ndigone pansi pa Dona, oyilo akundidonthera pamphumi. Ndatopa. Ndatopa ndi fungo la girizi m'tsitsi, ndatopa ndi mawu akuti orijino. Nthawi zina ndimalakalaka jeke atagwa kuti mwina ndipumeko. Ndikunama, sindifuna zimenezo. Ndikufuna basi.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndawerenga zotsala: chiwongolero chokha. Cha kufakitale chinali chachikulu, cha mtengo. Bambo ankasunga chilichonse chimene achotsa, mashelefu ali tho, koma ichi chokha akuti chinasowa. Ndasaka miyezi isanu ndi umodzi. Wogulitsa zitsulo zakale akangondiona amayamba kuseka: "Achemwali a chiwongolero, lero mulibenso!"

Ndawafunsa Bambo kuti tingogula chofanana nacho. Apukusa mutu. "Chofanana si orijino."

Lachiwiri, 11 Malichi



Masanawa ndimawafunira juzi mu wadirobu yawo. Pansi pa mabulangete ndagunda chinthu cholimba, chokulungidwa mu diresi yakale ya malemu Amayi. Chiwongolero! Chopukutidwa bwino, chonunkhira polishi watsopano. Ndi dzanja limodzi lomwelo amachipukuta, ine ndikupsa ndi dzuwa kwa ogulitsa zitsulo.

Ndachiika pamiyendo pawo. Achiyang'ana. Kenako akuti: "Ooh, chinali kumeneko?"

Ndatuluka. Ndikanakhala, ndikanayankhula mawu oti mwana sauza bambo ake. Ndalirira kuseri kwa galaja, pamulu wa matayala onenepa aja.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndamanga chiwongolero. Sitikuyankhulana. Tiyi ndimangoika, iwo amangomwa.

Lachinayi, 13 Malichi

M'mawa ndaliza injini. Dona wayankha kamodzi kokha, mawu apansipansi aulemu, osati phokoso lija. Ndazima, ndati: "Bambo, ndamaliza."

Akuti ndiwakankhe azungulire. Tazungulira kawiri. Agwira bampala, anunkhiza mpando, asuzumira pansi pa chiwongolero. Kenako aloza ndi ndodo.

Kathabwa ka pa kilachi.

Ndinaiwaliratu, chifukwa phazi langa linakazolowera. Anakamanga pa pedulo ndili ndi zaka 12, pondiphunzitsa kuyendetsa, popeza mwendo sumafika. Ankati tidzakachotsa ndikatalika. Sindinatalike, ndinatengera Amayi.

Akuti: "Si orijino." Ndatenga sipanala msangamsanga, ndi mabawuti awiri okha. Akuti: "Usakhudze! Ndinamanga ndine. Palibe wina adzachotse."

Ndati: "Ndiye Dona sadzatha?"

Ndamvetsa tsopano. Kathabwa kakakhalapo, Dona si orijino, ine sindipita. Ndikakachotsa mwamakani, ndaphwanya mawu a munthu wodwala. Anditchera bwinobwino, ndi msampha wa mtengo wosakwana ndi chikhatho chomwe. Ndikuwakonda mdalayu, ndipo lero ndikudana nawo.

Kalata yokana ntchito ndalemba. Sindinatumize.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndadzuka sikisi koloko, pabedi pawo palibe munthu. Ndodo palibe. 

Ndawapeza mu galaja, ali pansi pa simenti, mutu uli m'kati mwa Dona, pijama yonse girizi. Mmene anatsikira pampando okha sindikudziwa. Sipanala inali m'dzanja lamanzere, lomwe sanagwirepo nalo sipanala moyo wawo wonse. Bawuti imodzi inali kale pansi. Yachiwiri imangozungulira, chifukwa panalibe dzanja lina logwira nati kumbuyo.

Ndati: "Bambo, mudzipweteka!"

Akuti: "Usandiyang'ane ngati ng'ombe. Gwira kumbuyoku. Kugwira kokha, womasula ndine."

Ndagwada, ndagwira. Atenga nthawi, akupuma ngati akukwera phiri, sipanala ikupulumuka, iwo akutukwana. Kathabwa kagwera m'manja mwanga, kali ndi dzenje pamene chidendene changa chakhala chikuponda zaka 22. Andilanda, akaika m'thumba la pijama.

"Aka ndi kanga. Pita ukaimbire anthu a mabasi asanatseke."

Ndawauza kuti sanatsegule n'komwe. Akuti ndiye ndiwakweze, tikayese Dona pamsewu kamodzi.

Ndawanyamula, ndawakhazika kumpando wa pambali. Ndakhala pa chiwongolero, ndatambasula mwendo.

Sukufika.

Aseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee, dzanja lili pathumba paja.